Chiganizo Chimene Ndinakana Kukonza

Kope langa la Chingerezi la sitandade 7 ndinalikutira ndi pepala la thumba la simenti, ndipo linkanunkha usipa ngati china chilichonse m'nyumba mwathu ku Lungwena. Chaka chimenecho mwera unawomba kwambiri, ndipo chifuwa chinawagoneka amayi pamphasa miyezi iwiri. Bambo anali ku Joni. Wotunga madzi ndinali ine, wophika phala ine, woyanika usipa pathandala inenso. Kusukulu ndinkafika dzuwa litakwera, masiku ena osafika n'komwe. "Usauze munthu, ndidzuka mawa," ankatero amayi, mawu akutuluka movutikira.

Aphunzitsi anali atandichenjeza kuti ndikajombanso andichotsa sukulu. Ankandiyesa waulesi. Sindiwaimba mlandu, lero inenso ndikanaganiza chomwecho.

Anali ndi kaphunzitsidwe kawokawo. Lolemba lililonse ankalemba pabolodi mawu awiri a Chingerezi oyendera limodzi, n'kutiuza kuti tipange chiganizo chonena zoona zokhazokha za kwathu. Sabata imeneyo analemba "look after". Anafotokoza kuti loyambalo palokha ndi kuyang'ana chabe, koma awiriwo akatsatana ndiye kusamalira, kaya mwana, kaya mbuzi, kaya wodwala. Anzanga ambiri analemba kuti amayi awo amawasamalira. Ine ndinalemba kuti "I look after my mother."

Aphunzitsi anandiitana kutsogolo, cholembera chofiira chili m'manja. "Watembenuza iwe, konza." Ndinakana. Anabwerezanso mokweza. Ndinati, "Munanena kuti tilembe zoona," ndiye misozi inangoyamba yokha, kalasi yonse ikuonerera.

Mawa lake masana njinga yawo inaima pabwalo pathu. Anakhala pakhonde ndi amayi nthawi yaitali, ine atandituma kukatunga madzi amene sankafunika. Kenako aphunzitsiwo anatumiza uthenga kwa amalume ku Chowe, omwe sankadziwa kanthu. Pasanathe masiku atatu amalume anafika n'kutengera amayi kuchipatala, akazi awo natsala nane pakhomo. Amayi anachira, ine sindinajombenso. Sindinayambe ndapepukidwa mumtima ngati mmene ndinapepukidwira Lolemba loyamba limene ndinafika belu lisanalire.

Koma chichokereni aphunzitsi tsiku lija, amayi anatha masiku awiri osandilankhula. Ndikawapatsa phala ankalandira nkhope ili kukhoma. Ndinkaganiza kuti andikwiyira chifukwa ndinaulula. Sindinkadziwa kuti pakhonde paja ndi pamene anamva koyamba kuti ndinatsala pang'ono kuchotsedwa sukulu chifukwa cha iwo, ndipo ankalephera kundiyang'ana kumaso.