Masamba Anayi Amene Anapita ndi Utsi

Lolemba kunacha kwa chinyezi. Madzi a chigumula anali atangoyamba kuphwa m'madimba, dziko lonse likununkha matope. Achule sanaleke kulira ngakhale dzuwa linafika pamutu, ndipo cha ku Chiromo sitima ya pamadzi inaliza mluzu kawiri.

Ine ndinali pansi pa mtengo wa bwemba wa padooko, pamene asodzi amasokera maukonde, ndikuwerenga kabuku kanga.

Kabuku kameneka ndinakayamba chaka chimene mayi akunyumba anatisiya, masana atayamba kunditalikira. Pamwamba pa tsamba lililonse ndimalemba mawu athu amodzi onena zochita. M'munsi mwake ndimandandalika mawu onse a Chingerezi amene ali pachibale ndi mawuwo, aliyense ndi malo ake oyenera. Ena ndimafunsa dona wa ku mishoni, ena kalaliki wa pasiteshoni ya njanji. Pa tsamba la "kutenga" panali take, fetch, borrow, seize, snatch ndi steal.

Tsiku limenelo sindinkawerenga kuti nthawi ipite. Lachisanu la sabata lomwelo kunali mlandu ku Boma. Dausi, msodzi wa kwa Mlolo, anamasula bwato la mzungu wogula thonje madzi atasefukira, nakapulumutsa apongozi ake ndi ana awiri amene anali pachulu. Anachita monga timachitira kuno: anamanga mfundo ya bango pachikhomo pamene panali bwatolo, kuti mwini adziwe kuti lapita ku ngozi ndipo libwera. Analibweza mkucha wake, koma anamugwirabe. Abale ake anandipempha kuti ndikamulankhulire.

Ndili mkati mowerenga, mayi wina anandiitana kuti ndikapempherere mwana wake wodwala malungo. Ndinasanjika mwala pakabuku, n'kupita.

Pobwera ndinapeza a Zuze ndi a Semba, asodzi a msinkhu wanga, akufuka utsi. Masamba anayi anali atang'ambidwa, la "kutenga" ndi la "kubweza" ali momwemo. Anawang'amba mosamala ndithu, kusiya kamzere kapamwamba kokha, pamene panali mawu athu ndi liwu loyamba la Chingerezi.

A Semba, amene anaponda kusukulu miyezi ingapo ali mwana, ndiwo anayamba. "Musadandaule aphunzitsi, sitinaononge kanthu. Taona kuti chinthu chimodzi mwachilemba kasanu kasanu. Oyambawo tawasiya, akukwanani."

A Zuze anawonjezera kuti fodya wopichira m'Chingerezi akukoma kuposa wa m'makoko a chimanga. Onse a pamaukonde anaseka.

Mtima unali utatentha, ndipo ndaphunzira kuti zikatero pakamwa pazikhala potseka. Ndinatola kabuku kanga n'kuuyamba wakumudzi.

M'njiramo ndinaona kuti anthuwa sanachite mwankhanza. Anachita zimene ambiri a ife timakhulupirira, zoti liwu limodzi likwana.

Onani ana athu a kusukulu. Akadziwa liwu limodzi la Chingerezi pa chinthu chilichonse, basi, amati amaliza. Amathamangira kukafuna ukalaliki. Kodi msodzi uti amene amapita kudambo ndi mbedza yokha, n'kunena kuti mono ndi chavi n'zobwereza? A Semba omwewo ali ndi zipangizo zamitundumitundu, chilichonse ndi madzi ake ndi nsomba yake.

M'chinenero chathu madzi timatunga, ufa timatapa, thonje timatola, ndiwo timathyola. Mwana akati wathyola madzi timamuseka. Nanga bwanji tikuganiza kuti m'kamwa mwa mzungu ndi mosauka, moti liwu limodzi lingasenze zonse?

Choopsa chake n'chakuti ukapita pamaso pa woweruza ndi liwu limodzi, tanthauzo amakusankhira ndi iyeyo. Ndipo munthu wa mphamvu akamasankhira wosauka, si kawirikawiri kusankha lofewa.

Ndinali ndi masiku atatu. Lachiwiri ndinayenda m'matope mpaka ku mishoni, dona nandibwezera mawu amene anakumbukira. Lachitatu ndinakadikira kalaliki wa pasiteshoni mpaka sitima ya pamtunda itadutsa. Koma ulendo uno sindinadalire pepala. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Ndinawatchula mawuwo m'njira monse, liwu limodzi phazi limodzi. Amayi ochokera kudimba ankandipatukira, poganiza kuti umasiye wandisokoneza mutu.

Lachisanu linafika. Womasulira wa pa Boma ndi mnyamata waulemu wa kumapiri, koma chigumula amangochimva. Dausi atafotokoza, iye anangoti, "He took the boat." Bwana woweruza anagwedeza mutu, nayamba kulemba. Msilikali anasendera pafupi ndi Dausi.

Ndinaimirira ndi kupempha mwayi. Mawu anali pamphuno. Ndinati munthuyu sanachite steal, pakuti wakuba sasiya chizindikiro. Sanachite seize, pakuti sanalimbane ndi munthu. Anachita borrow, monga mwa lamulo la mtsinje limene makolo athu anatisiyira. Ndinatulutsa m'thumba mfundo ya bango ija, imene abale a Dausi anandipatsa, n'kuiika patebulo.

Bwana anaitembenuza ndi cholembera chake. Kenaka anafunsa kapitawo wa mzungu wa thonje ngati anaipezadi pachikhomo. Kapitawoyo ndi wa konkuno, mayi ake ndi a kwa Mbenje. Anayang'ana pansi, navomera.

Dausi anamasulidwa. Bwana anangomuchenjeza kuti tsiku lina aziyamba wapempha, ngati kuti madzi amadikira munthu.

Sindikunena izi kuti mundiyamike. Chingerezi changa n'chopunduka, ndipo bwana anandibwerezetsa kawiri. Ndikunena kuti pakati pa ndende ndi kwawo, Dausi anapulumukira pa mawu aja amene anzanga anawayesa obwereza. Inu aphunzitsi a m'midzi, mwana akakupatsani liwu limodzi, mufunseni abale ake a liwulo ali kuti. Ine kabuku ndakayambanso, ndipo tsamba lililonse ndiziliika m'mutu ndisanatsegule lina.

Loweruka m'mawa a Zuze ndi a Semba anafika pakhomo panga ndi milamba iwiri yowamba. Anali ataima kumbuyo kwa khamu ku Boma kuja. Anakhala pamphasa, tinakamba za madzi ndi za mapira amene anamira. Kenaka a Semba anakanda pakhosi.

"Aphunzitsi, tikanamusuta Dausi osadziwa."

A Zuze, maso ali pansi, anafunsa kuti pa mawu anga aja, loyenera zimene iwo anachita ndi liti. Ndinawauza kuti tsamba limenelo sindinalembe, ndipo sindidzalemba.

Ndinawakhululukira.