Khutu Litadwala, Mawu Anandisochera

Chizindikiro choyamba chinabwera m'nyengo yodula mpunga, chaka chimene tinasamukira kumudzi wa ujamaa, kumene boma linatisonkhanitsa kuti tizilima pamodzi, kufupi ndi Lipingo. Ndinawerama m'shamba la mudzi, munda wa tonse, ndipo poweramuka nthaka inapendekeka ngati bwato. Ndinasanza. Khutu lakumanzere linayamba kulira ngati nyenje.

Ndinayesa malungo, n'kumwa zitsamba, ndipo chizungulirecho chinachepa. Koma panatsala vuto lina. Munthu akandiitana ndinkamva bwinobwino, kungoti sindinkadziwa kumene mawuwo akuchokera. Ndinkacheukira kunyanja pamene woitanayo ali kuphiri. Amayi anzanga ankaseka, inenso n'kumaseka nawo.

Pakhomo ndinkasamala apongozi anga aakazi, amene anali osaona. Kumudzi wakale ankadziwa kanjira kalikonse ndi mapazi, koma pamalo atsopanowa ankasokonezeka. Tsiku lina masana analowa m'udzu wautali kuseri kwa nyumba. Ndinawamva akufuula kuti, "Amake Yohane, ndili kuno! Dzanditengeni!" Ndinathamangira kumene ndinkaganiza kuti ali, koma mawuwo ankangotalikira. Nditatembenuka mwachangu, dziko linazungulira, ine khu! pansi. Amene anakawapeza ndi mnansi wathu, atatsala pang'ono kugwera m'chigwembe cha mtsinje. Tsiku limenelo sindinaseke.

M'mawa mwake amuna anga anakatsanzika kwa balozi, mkulu woyang'anira nyumba khumi, n'kundiperekeza kudzera ku Mbamba Bay mpaka kuchipatala cha mishoni. Tinadikira pabenchi kufikira dzuwa litapendeka. Adokotala anaunika m'khutumo ndi kanyali, kenako anandiyendetsa nditatsinzina. Ndinadzandira.

"Mama," anatero, "m'kati mwa khutu muli kachiwalo kothandiza thupi kuima osagwa. Kakatupa, mutu sudziwa kumene walunjika, khutu nalonso limagontha, ndiye mawu amakusocheretsani. Mukanabwera msanga."

Anandigoneka m'chipatalamo. M'mawa uliwonse ndinkabayidwa jekeseni ndi kumwa mapiritsi. Tikatha kumwa phala, namwino ankandikhazika pampando nditatsinzina, iye n'kuomba m'manja mbali ina kuti ndiloze kumene ali. Poyamba ndinkaloza khoma. Namwinoyo ankangoti, "Pole pole, mama. Mutu uzitembenuka pang'onopang'ono." Anandiphunzitsanso kuyenda m'khonde maso ali pachinthu chimodzi. M'mawa wina ndinaloza, n'kumva chala changa chagunda dzanja lake. Wodi yonse inalulutira.

Lero ndakalamba, koma ndili bwino. Khutu lakumanzere silinabwererenso mwakale, ndipo sindikwera bwato kukaomba mwera. Komabe ndimalima chinangwa changa, ndimasenza ndowa pamutu, ndipo kutchalitchi ndimaimbabe kwaya nditaima kumanzere kwa anzanga kuti ndiziwamva ndi khutu labwinoli.

Inu amene mutu umakuzungulirani, khutu n'kumalira, musadikire kuti chizitha chokha. Pitani kuchipatala mukadali ndi mphamvu zoyenda nokha. Njira imeneija imatalika kwambiri munthu akakhala pamachira.