Nyumba ya Amayi Inamangidwa pa Nkhuti

Ndikulemba nkhaniyi chifukwa kwathu ku Nchema, m'boma la Chiradzulu, kwafala bodza lakuti nyumba ya amayi anga inagwa ndi ufiti, ndiponso kuti amene anaitana tsokalo ndine mwana wawo. Bodza limeneli likapanda kutsutsidwa, banja lina lidzamanga monga tinamangira ife, khoma lidzagwanso, ndipo adzafunanso munthu womuloza chala. Inu owerenga, mundikhululukire ngati mawu anga akumveka aukali. Ndinadikira kuti mtima ukhale pansi ndisanalembe, koma wakana.

Ndine mtsikana wophunzira zomangamanga pa koleji ina mumzinda wa Blantyre. Bambo anga anamwalira ndili ku sekondale. Anatisiya m'nyumba yaudzu, koma anasiyanso malata amene ankagula limodzilimodzi pofuna kudzamangira amayi nyumba yabwino. Amayi anawasamala malatawo, osalola ngakhale limodzi kubwerekedwa pamaliro kapena paukwati. Anaweta mbuzi, anagulitsa tomato pamsika, anagula njerwa zootcha pang'onopang'ono, mpaka chaka chathachi zipangizo zinakwana.

Kwathu malo ndi a mbumba, ndipo woloza pomanga ndi mwini mbumba. Kwa ife ameneyo ndi alongo awo a amayi, amalume anga, amene m'chinyanja chakwathu timawatcha atsibweni. Iwo analoza kumunsi kwa bwalo, pamalo osalala pamene pankamera nthochi zonenepa ndi maungu. Anabweretsanso mmisiri wawo, mnzawo wosewera naye bawo.

Nditafika patchuthi ndinapeza akhoma kale zikhomo ndi kumanga zingwe. Mtima wanga unakayika nditangoona nthochizo, pakuti nthochi sizinenepa chotero pa dothi lolimba. Ku koleji anatiphunzitsa kuti maziko a nyumba salingaliridwa dothi lisanaonedwe. Pa nyumba zazikulu amatenga dothi kukaliyeza ku makina, koma pa nyumba ya kumudzi munthu akhoza kukumba maenje m'ngodya za malowo, ozama kupitirira pamene maziko adzathere, n'kuona mmene dothi lasanjikizirana. Akapeza katondo wolimba amamanga mosavuta. Akapeza makande, dothi lakuda lija limene limafufuma ndi mvula n'kung'aluka ndi dzuwa, amazamitsa ndi kukulitsa maziko, n'kuthira konkire wa zitsulo. Akapeza dothi lochita kukwirira, amakumba mpaka afike pa nthaka yeniyeni, apo ayi amasuntha nyumbayo.

Ndinafotokoza zimenezi mwaulemu, nditagwada. Sindinapemphe kanthu kena koma chilolezo chokumba ndekha. Atsibweni anandiyang'ana nati, "Iwe, bambo ako tawaika dzanadzanali, lero ukufuna kukumba dzenje lofika m'chifuwa pakhomo pa amayi ako? Manda amenewo ndi a ndani?" Mmisiri uja anaseka nati, "Asiyeni akoleji, bwana. Iwowa amamanga papepala, kumene sikugwa mvula."

Sindinafooke msanga. Ndinatenga chitsulo chachitali n'kuchikankhira pansi pa ngodya ya kum'mawa, pamene panayenera kukhala chipinda chogona amayi. Chinalowa ngati ndikubaya dzungu lovunda. Pa ngodya zina chinakana. Nditawaonetsa, mmisiri anati ndalasa una wa mfuko. Madzulo ake amayi anandikokera kuseri nati, "Mwanawe, usandiyambanitse ndi achimwene. Ine ndikadzafa adzandiika ndani?" Pamenepo ndinagonja, ndipo kugonja kumeneko kumandiwawa kufikira lero.

Tamverani tsono mmene anamangira. Ngalande ya maziko inafika m'mawondo okha, mofanana mbali zonse, polimba ndi pofewa pomwe. Pansi pake sanathire konkire. Anangoyala njerwa ndi matope, ati simenti njochepa, isungidwire pulasitala wakumaso ndi khonde. Inu owerenga, mchitidwe umenewu ndi umene umandipsetsa mtima koposa. Simenti timaipatsa pamene maso a odutsa akuona, pamene pansi, ponyamula nyumba yonse, timapasiyira matope. Timamangira anthu a pamsewu, osati ogona m'nyumbamo.

Ndinabwerera ku koleji. Nyumba inatha mvula isanayambe, amayi analowamo, amayi anzawo a kumpingo anaimba ndi kululutira. Pa chithunzi chimene ananditumizira pa foni ya mnansi, amayi anali ataima pakhonde atavala chitenje chatsopano, akumwetulira kumwetulira kumene ndinali ndisanakuone chimwalirire bambo. Ndinadziuza kuti mwina ndinalakwitsa ndine.

Mvula itakhazikika, chitseko cha kuchipinda chinayamba kukana kutsekeka. Kenaka panatuluka mng'alu wochokera pa ngodya ya zenera, wotsika mokhotakhota motsata mizere ya njerwa. Mmisiri anabwera, anamata. Mng'alu unabwereranso wolowa chala, anamatanso. Ndinaimba foni kupempha kuti amayi asamagone m'chipinda chimenecho ndiponso kuti khomalo alichirikize ndi mitengo, pakuti mng'alu wotere umasonyeza kuti ngodya ikutitimira. Atsibweni anayankha kuti nyumba yatsopano sichirikizidwa ngati khola, anthu angatiseke. M'malo mwake anaitana sing'anga kuti atsirike nyumbayo. Sing'angayo anakumba timaenje m'ngodya zonse n'kukwiriramo zitsamba zake. Taganizirani! Dzenje la zitsamba linaloledwa, koma dzenje loonera dothi linali malodza.

Khoma linagwa mwezi wa Febuluwale, masana, kukugwa mvula yawamba. Sikunali mphepo yamkuntho, sikunasefukire mtsinje. Nyumba za zidina za anansi athu, zomangidwa kalekale, zinaima bwinobwino. Amayi anali atakhala pamphasa m'chipindamo akusankha nyemba. Ngodya ya kum'mawa inatitimira, khoma linapendekera mkati, denga linatsatira. Anthu anawafukula m'njerwa mwendo utathyoka, nathamangira nawo kuchipatala cha mishoni pa njinga yamoto. Malata a bambo anga, aja osabwereketsa, ena anapindika ngati masamba ouma.

Ndinafika mawa lake, ndinayamba ndaona amayi kuchipatala, kenaka ndinakwera kabaza kupita kumudzi. Ndinapeza anthu atasonkhana pabwalo, atsibweni akulankhula. Ankati nyumba yotsirika siingagwe yokha, pali munthu amene anatchula za maenje nyumba isanamangidwe, ndipo pakamwa pake mpamene panatsegula njira. Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinatenga piki ndi fosholo, ndinachotsa njerwa pa ngodya ija, n'kuyamba kukumba anthu onse akuona.

Sindinafike patali. Pansi pa maziko panatuluka phulusa, mapale, zitini zadzimbiri, mapepala apulasitiki, patapata wakale wa mwana, zonsezo zili m'matope akuda onunkha. Ndinkaziponya chimodzichimodzi pamapazi pa atsibweni. Mayi wina wachikulire, mnansi wathu, anawerama kuyang'ana m'dzenjemo nati, "Aa, koma apatu mpankhuti paja! Si paja munkaumba njerwa inu achimwene, muli mnyamata?" Kwa osadziwa, nkhuti ndi dzenje lotsala anthu akakumba dothi loumbira njerwa. Atsibweni anakumba nkhutiyo okha zaka zambiri zapitazo, nthawi imene amayi ndi bambo ankagwira ntchito ku minda ya tiyi ku Thyolo. Pambuyo pake inasanduka dzala la mudzi, mpaka inadzaza n'kumera nthochi amayi asanabwerere kumudzi. Amayi sankadziwa, ine ndinali ndisanabadwe, koma amene analoza malowo ankadziwa.

Ndinawafunsa pagulu chifukwa chimene anachitira zimenezi kwa mlongo wawo. Yankho lawo lonse linali lakuti, "Dothi ndi dothi." Koma aliyense pabwalopo anayang'ana kumtunda, kumene kuli katondo wolimba wa mbumba yathu, kumene atsibweni amalima nandolo wawo. Nyumba ikanamangidwa kumeneko, mundawo ukanachepa. Mmisiri naye anavomera kuti pokumba anaonadi mapale, koma ati sanalembedwe ntchito yofunsa mafunso. Munthu wamkulu, wa manja aluso, anaona mapale pansi pa chipinda chogona mayi wamasiye, n'kuyalapo njerwa!

Lero amayi amayenda ndi ndodo ndipo amagona m'khitchini, pamodzi ndi utsi ndi nkhuku. Tomato sangapite nayenso kumsika. Anandiletsa kukasuma kulikonse, ati mlandu wa pachibale sutuluka pakhomo. Ndawamvera, n'chifukwa chake sindinatchule dzina la munthu muno. Koma kubisa chimene chinachitika sindingathe.

Inu owerenga amene mukukonzekera kumanga, musalole kuti njerwa yoyamba iyalidwe musanaone chimene chili pansi. Funsani okalamba oposa mmodzi kuti pamalopo panali chiyani: dzala, chimbudzi, chitsime, chulu chogumulidwa kapena nkhuti. Kumbani maenje m'ngodya, ndipo wina akati ndi manda, mukumbe iye akuyang'ana, kenaka mukwirire ndi kutsendera. Muimepo nokha pokumba maziko, muone dothi lotuluka, musangomva za mmisiri. Simenti ikachepa, ichepere pakhonde. Mng'alu ukabwereranso mutaumata, tulutsani anthu m'chipindamo tsiku lomwelo. Ndipo inu eni mbumba, udindo woloza malo munaupatsidwa kuti muteteze alongo anu, osati nandolo wanu.

Ndikadali wophunzira, choncho akatswiri a zomangamanga amene aona cholakwika pa zimene ndafotokoza za dothi ndi maziko alembere akonzi kuti ndikonze, ndipo odziwa Chichewa achite chimodzimodzi pamene ndaphonya kalembedwe. Ndidzalandira ndi manja awiri. Pali chinthu chimodzi chokha chimene ndikupempha kuti musavutike kundilangiza. Akuluakulu agamula kuti ndikagwade kwa atsibweni ndi tambala m'manja, kupepesa kuti ndinawachititsa manyazi pagulu. Ndawayankha kuti tambalayo ndidzapita naye ndithu, tsiku limene zikhomo za nyumba ya amayi zidzakhomedwe kumtunda, pa katondo.