Ndiwo Zimene Anthu Anazikana

Ndikamva fungo la ndiwo za nkhwani zikuwira, ndimaonabe dzanja la amayi litatambasuka mu utsi, litagwira kachipanda ka mchere, iwo akundiitana kuti ndifulumire. Kwathu, m'munsi mwa phiri la Chongoni, mkazi akakhala kumwezi sankathira mchere m'ndiwo. Ankaitana kamwana kosatha msinkhu kuti kathire, pakuti akuluakulu ankati akathira yekha, wodya ndiwozo amadulidwa: amatupa miyendo, amatsokomola, kenaka n'kumafota pang'onopang'ono. Matendawo ankawatcha mdulo. Pakhomo pathu wothira mchere ndinali ine, ndipo kantchito kameneka ndinkanyada nako zedi, ngakhale sindinkadziwa chifukwa chake chenicheni.

Chinali chaka chimene abambo anatengedwa pamodzi ndi amuna ena kukasenza katundu wa asilikali kunkhondo ya Azungu. Munda wathu unalimidwa mbali imodzi yokha, ndipo pofika pakati pa dzinja, m'nkhokwe munatsala zitsononkho ndi ndowe za makoswe. Mvula inkangowaza osaleka, nkhungu n'kumakuta phiri mpaka masana. Tinkadya phala la gaga, bowa ndi masamba. Mlongo wanga Kamtedza, amene anali atangosiya kuyamwa, ankalira mpaka mawu kusasa. Tsiku lina ndinapita ndi amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, kukazula bowa kuphiri, ndipo mvula inatitsekereza m'phanga. Kumudzi amayi, amene anali kumwezi, anaphika, naitana ana a pafupi, koma panalibe woyankha. Anayesa kumdyetsa Kamtedza ndiwo zopanda mchere, iye n'kulavula. Tsoka silinunkha. Anatapa mchere ndi dzanja lawo, nathira.

Palibe anawaona. Anadziulula okha pamene mapazi a mwanayo anayamba kutupa, tsitsi n'kufiira, mimba n'kukula. Anagwada pamaso pa amayi aakulu, nanena zonse, poganiza kuti kuulula kuthandiza mankhwala kugwira ntchito. Mizu inakumbidwa, mwana anamwa, anasamba, koma kutupa kunakwera kufika m'mawondo. Nthawi imeneyo mabanja ankadya chidyerano: nyumba iliyonse inkabweretsa mbale yake pamalo amodzi, onse n'kumapisa. Mbale ya amayi inayamba kubwerera yodzaza. M'chaka cha njala chotero, anthu ankanyambita zala pa ndiwo za ena, koma zawozo ankazilambalala. Ine anandiuza kuti ndizidya kwa amayi aakulu. Kenaka amayi nawo analeka kudya. Ankakhala pakhonde Kamtedza ali pamiyendo, akungonena kuti dzanja lopha mwana siliyenera kupita kukamwa. Ndinkaona mafupa a m'khosi mwawo akutuluka, ndipo ndinkachita mantha kwambiri kuti ndidzatsala ndekha.

M'mudzi mwathu munali kasukulu ka mishoni kofolera ndi udzu, ndipo mphunzitsi wake anali a Filimoni, ochokera cha ku Lobi. Tsiku la Mulungu ankalalikira momwemo. Anali munthu wowonda, wa jekete lopanda malaya m'kati, ndipo sankatha kunena mawu awiri osaikapo nthano. Nthano zawozo zinkasochera ngati mbuzi yosamangirira, mwina n'kuiwala kumene anayambira. Ife ana tinkapitako chifukwa cha nyimbo, komanso kuti tizikaseka malovu awo amene ankathovokera okhala kutsogolo. Mawu oti chisomo ankawatchula kawirikawiri, koma ine ndinkangowamva ngati dzina la munthu wakutali.

Amayi sanali Mkhristu. Anapita kumeneko chifukwa kwina konse kunali kutatha. Anabereka Kamtedza kumbuyo, nakhala pansi pafupi ndi khomo, anthu n'kusunthira kumbali. Tsiku limenelo a Filimoni anasimba za mlenje amene anakumba mbuna, dzenje lokolera nguluwe, naiphimba bwino ndi masamba, kenaka pobwerera madzulo anagweramo yekha n'kuthyoka mwendo. Anthu odutsa ankasuzumira n'kufunsa kuti anakumba ndani, ndipo akamva kuti ndi iye yemwe, ankati adziwe yekha. Potsiriza panadutsa munthu amene sanafunse kanthu. Anatsikiramo, namuika mlenjeyo pamapewa. Chisomo cha Mulungu n'chimenecho, anatero a Filimoni, sichiyamba ndi kufunsa amene anakumba.

Pamenepo amayi, amene sankakweza mawu ngakhale pamtondo, anayankhula pakati pa anthu onse. "Nanga aphunzitsi, ngati wokumba ndine, koma wagweramo ndi mwana wanga?"

A Filimoni anapukuta nkhope ndi mkono wa jekete. Nthano inali itawathera. Anayambitsa nyimbo imene inaimbidwa mozizira, ndipo amayi anadzuka n'kumapita. Ndinawada a Filimoni tsiku limenelo, ndipo ndinati mumtima chisomo chawocho n'chamalovu chabe.

M'mawa mwake, dzuwa litakwera, ndinawaona akubwera m'matope atanyamula kansengwa ka ufa wa gaga. Anakhala pamwala pakhomo pathu, pamene mudzi wonse unkawaona, nati ali ndi njala. Amayi anakana, koma mlendo sakanizidwa chakudya, choncho anasonkha moto ndi nkhuni zonyowa. Ndiwo zitawira, anatambasula dzanja ndi kachipanda kaja, akundiyang'ana.

"Ayi, a Naphiri," anatero a Filimoni. "Thirani nokha. Dzulo ndinasowa choyankha, ndipo lero ndilibebe. Koma ndiwo zanuzi ndidya, ndipo sindisamba m'manja mpaka inunso mutadzigawira."

Amayi anathira mcherewo okha. Amayi aakulu anagwira pakamwa. A Filimoni anadya mosafulumira, nakombeza mbale ndi chala mpaka kuyera, akuyang'ana kukhonde kumene amayi ankameza nthongo yoyamba. Mawa lake anabweranso, ndi mkuja womwe. Anthu ankawasuzumira mapazi akamadutsa, kudikira kuti atupe, koma anakhalabe owonda monga kale. Pang'ono ndi pang'ono zala zina zinayamba kupisa m'mbale ya amayi pachidyerano.

Kamtedza sanachire. Anamwalira chimanga chili pafupi kukhwima, ndipo ndimapwetekedwabe mtima ndikakumbukira kuti tinayamba kuotcha mondokwa dothi la pamanda ake lisanaume. Anamwino a masiku ano amandiuza kuti kutupa kotero kumadza ndi njala. Amayi sanamve zimenezo, ndipo mpaka kukalamba kwawo ankaitanabe ana kudzathira mchere. Sindikudziwa ngati anadzikhululukira konse. Chimene ndikudziwa n'chakuti anadya, anakhala ndi moyo, anandilera.

Ndamva maulaliki ambiri a chisomo, ena a abusa ophunzira odziwa kumaliza nthano pamalo pake. Ambiri ndinawaiwala, ngakhale wa a Filimoni wa pamaliro a Kamtedza. Chimene sindinaiwale ndi amayi atagwada kuseri kwa nyumba tsiku loyamba lija a Filimoni atadya, akutsuka mbale imene kwa nthawi yaitali inkabwerera yodzaza. Munalibe chotsukamo, koma anaitsuka nthawi yaitali, akulira.