Ana Anayi pa Geti

Betty Kampamba anafika ku Lusaka kuchokera ku Mufulira ali ndi mwana kumbuyo, mwamuna wake Killian ali patsogolo ndi sutikesi. Anapeza nyumba ku Kabwata ndi ntchito yosoka maovolosi pa fakitale ina. Anali wa dzanja lofulumira, ndipo pakamwa pake sipankachedwanso.

Mu 1979, ana atakwana anayi, Killian anasamukira kwa mkazi wina ku Makeni. Anatenga wailesi n'kusiya ana. Betty sanalire nthawi yaitali. Chinkamuwawa ndi msonkho. Boma linkadula gawo lake pa malipiro munthu asanawagwire n'komwe, koma wolera ana ankamupepukitsirako. Tsoka lake, m'banja ana ankawerengedwa kwa mwamuna. Choncho Killian, wosagula ngakhale sopo, ankadulidwa pang'ono ngati bambo wa ana anayi, pomwe Betty ankametedwa ngati mbeta.

Anapita kwa a Amock, kalaliki wa malipiro.

"Ba Amock, nanga aba bana bamene banisiliza unga ni ba ndani?" anafunsa Betty, kunena ana omwe ankamuthera ufa m'nyumba.

"Amai, ku boma ni ba bamuna banu," anayankha kalalikiyo, akumupatsa pepala. "Bakasaina apa kuti ndimwe mubasunga, tizachinja."

Killian ankangozemba. Ndiye tsiku la malipiro Betty anasambitsa ana, kuwadzoza mafuta, kumanga zovala zawo m'chitenje, n'kupita nawo pa geti la kampani ya malole komwe mwamunayo ankagwira ntchito. Anthu akuweruka, anaimika anawo pamzere pamaso pa Killian ndi anzake onse.

"Ba Killian, boma ikamba ati ni banu. Batengeni ku Makeni. Uyu mung'ono sadya kapenta, mukabauze ba madamu."

Mawu ankatuluka olimba, koma mumtima ankaopa kuti mwina Killian angawatengedi. Madalaivala anayamba kuseka. Killian anabwereka cholembera kwa mlonda, n'kusainira pepala lija pa boneti ya lole.

Miyezi ingapo itapita, msonkho wa Betty unatsika, ndipo amayi ena a pa fakitalepo anayamba kubwera kwa iye kudzafunsa nzeru. Nkhaniyi ankaikonda, ankaifotokoza akuseka mpaka misozi. Koma panali mbali imodzi yomwe sankaitchula, chifukwa inkamupweteka. Killian anasaina mofulumira kwambiri, osayang'anako mwana ngakhale mmodzi, ndipo wamkulu mwa anawo anaona zonse.