Zitseko Ziwiri Zakumanzere

Dzina loti Ndekha a kalipentala aja sanabadwe nalo, linachokera pakamwa pawo pomwe. Munthu akati agwire sowo, iwo, "Siya, ndicheka ndekha." Akati atenge tepi ayeze thabwa, "Bwera nayo kuno, ndiyeza ndekha." Mapeto ake msewu wonse unayamba kuwatchula a Ndekha, ndipo iwo ankayankha bwinobwino poganiza kuti anthu akuwayamikira kulimbikira.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa malume awo, munthu amene ankakhulupirira kuti wophunzira azisesa utuchi mpaka ndevu zimere asanakhudze pulena. A Ndekha atatsegula shedi yawo kuseri kwa sitolo ya penti, anatengera zomwezo. Anali ndi anthu awiri. Wina anali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, bambo wa nthabwala. Wina anali Wamtali, munthu wosayankhulayankhula amene ankachita kuwerama polowa pakhomo la shedi. Onsewo anali akuluakulu a mabanja awo, koma ntchito yawo inali kugwirizira thabwa a Ndekha akamacheka, kukhula ndi sandipepala, ndi kusaka pensulo imene nthawi zambiri inkapezeka kuseri kwa khutu la a Ndekha omwewo.

Tsiku lina m'mawa kutagwa mvula, a Ndekha anaterereka pa sitepe ya kunyumba kwawo n'kugwera dzanja lamanja. Kuchipatala anawamanga chikhakha kuyambira m'zala mpaka m'chigongono, ndipo adokotala anati dzanjalo lisanyamule kanthu, ngakhale ketulo.

Vuto linali lakuti mu shedi munali kabati yaikulu ya mayi wina wa saluni. Thunthu lake linali litatha, kutatsala zitseko ziwiri zokhota pamwamba.

"Abambo, mukuusiranji moyo?" anafunsa akazi awo akuwathandiza kumanga mabatani a malaya. "Si muli ndi anthu kuntchito? Apatseni apange."

"Ndiwapatse bwanji?"

"Mmene mumandipatsira ine malaya oti ndichape. Mumangoti eko, basi. Koma musakawaimire pakhosi."

A Ndekha anayenda njira yonse akulingalira mawuwo. Atafika anaima pakati pa shedi, anakhosomola, n'kunena akuyang'ana khoma kuti, "Zitseko za kabatiyi zikufunika. Muone chochita." Atatero anatuluka msangamsanga n'kukakhala pa benchi ya pakhonde la sitolo ya penti, ali ngati munthu amene wasiya khanda pamsika.

Posakhalitsa mlamu uja anawapeza. "Alamu, ndiye ndipange chiti?"

"Yambani chakumanzere," anatero a Ndekha, chifukwa iwo nthawi zonse ankayamba chakumanzere.

Patapita kanthawi Wamtali naye anabwera, akupukuta manja m'thalauza. "Bwana, ine ndiyambe pati?"

"Chitseko timayamba chakumanzere," anayankha a Ndekha, maso ali pa chikhakha chimene chinkawayabwa mkati.

Mlamu ankagwirira ntchito mkati mwa shedi, Wamtali panja pamthunzi wa malata. A Ndekha ankamva kulira kwa masowo awiri, ndipo nthawi iliyonse sowo ikasintha mawu ankadzuka, kenako n'kukumbukira za kuimira anthu pakhosi n'kukhalanso. Mwini sitolo ya penti anafika powafunsa ngati benchiyo ili ndi nsikidzi.

Zitseko zitatha anawaitana. Mlamu anaimika chake pa kabati, chinakwana ndendende. Wamtali anabwera ndi chake, anachiyang'ana, anayang'ana kabati, n'kuchitembenuza. Kukhota kunapita pansi. Anachitembenuzanso. Mipata ya mahinjesi inali kumanzere, chibowo cha loko kumanja, chimodzimodzi ndi cha mlamu.



"Kabatiyi ndi yamanzere ngati apongozi anga," anatero mlamu, koma panalibe anaseka.

A Ndekha anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma sanadziwe kuti akalipire ndani. Mlamu anachita zimene anauzidwa. Wamtali anachita zimene anauzidwa. Wowauza anali mmodzi, ndipo anali ataima pomwepo ndi dzanja loyera la chikhakha. Chinawasokoneza kwambiri n'chakuti zitsekozo zinali zokongola. Anayendetsa zala zakumanzere m'mbali mwake kusaka chilema, osachipeza. Molumikizira matabwa simunkalowa ngakhale chikhadabo.

"Zimenezi munaphunzira liti?" anafunsa.

"Alamu, munthu akamagwirizira thabwa, maso sakhala m'thumba," anatero mlamu.

Kunyumba a Ndekha anafika mutu uli balala. "Nzeru zako zija zandibalira zitseko ziwiri zakumanzere," anauza akazi awo.

"Munawauza kuti chiyani?"

"Kuti aone chochita."

"Ndiye anaona," anatero akaziwo n'kupitiriza kusita.

M'mawa mwake a Ndekha anasintha. Anaganiza kuti cholakwika chinali kuchokapo, choncho anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi Wamtali amene ankapanga chitseko chakumanja. "Yeza. Ayi, yezanso. Lemba. Pensuloyo waipendeketsa. Cheka. Ima! Cheka." Wamtali, amene dzulo lake anapanga chitseko chonse popanda womuuza, tsopano ankaima pa chilichonse kudikira mawu. Akanyamula hamala ankayang'ana a Ndekha. Akatenga guluu ankayang'ana a Ndekha. Dzuwa linafika pamutu thabwa limodzi lokha litachekedwa, ndipo nalonso linafupika, chifukwa a Ndekha anakuwa kuti "Ima!" kenako "Pitiriza!" pamene Wamtali anali atasuntha kale sowo.

Wamtali anaika sowo pansi mwaulemu. "Bwana, pepani. Mukufuna ndikupangireni chitseko, kapena mukufuna ndikubwerekeni dzanja?"

A Ndekha anadzikanda m'mutu ndi dzanja lamanzere. Kuchokapo kwalakwika, kukhalapo kwalakwikanso. Nanga munthu aime pati, pakhomo mwendo wina mkati wina panja?

Mlamu anasiya nthabwala zake, anabwera n'kukhala pa mulu wa matabwa. "Alamu, nkhaniyi si yovuta. Tiitaneni tonse pamodzi, aliyense amve za mnzake. Munene kuti ichi n'cha uje, chikufunika tsiku lakuti, ndipo pakuti ndi pakuti pasasinthidwe. Zina zonse mutisiyire. Muzibwera kudzaona tisanapake guluu, poti pamenepo tikhoza kukonza."

"Nanga mukalakwitsa?"

"Inu simunalakwitsepo?"

A Ndekha anakumbukira tebulo lina limene analibisa kwa malume awo kalekale, koma sananene. Anaimirira, n'kuyankhula pang'onopang'ono ngati munthu wowoloka pa mlatho wa mtengo umodzi. Chitseko chakumanja n'cha Wamtali, Loweruka chikhale chitalowa. Kukhota kwake kufanane ndi kwa chinzake. Vanishi ndi mahinjesi ndi za mlamu. Chitseko chotsala chija mlamu achipangire kakabati kakang'ono, chisangokhala. Atamaliza anadikira kuti wina afunse funso. Panalibe anafunsa. Anthu anangotembenuka n'kuyamba ntchito, ndipo a Ndekha anatsala chiimire pakati pa shedi yawo ngati mlendo amene wasochera nyumba.

Loweruka mayi wa saluni anabwera. Anatsegula zitseko, anatseka, anatsegulanso. Kenako anasisita chakumanja chija. "Eee, a Ndekha, dzanja lanu limadziwika. Ichi ndiye mwachita kuchinyambita."

A Ndekha anayang'ana chikhakha chawo. Mumtima munali zinthu ziwiri zikukankhana, kunyada ndi kena kake kowawa kamene sanakadziwe dzina.

"Chimenecho wapanga ndi uyu," anatero akuloza Wamtali ndi chibwano.

"Zoona? Ndiye inu munapanga chakumanzerechi?"

"Chimenecho ndi alamu anga."

Mayiyo anawayang'ana. "Nanga inu munapanga chiyani?"

"Ine," anatero a Ndekha. "Ine ndinawauza."

Chikhakha chitachotsedwa, dzanja linatuluka lowonda, lotuwa ngati la munthu wina. A Ndekha analawirira ku shedi n'kutenga pulena yawo. Koma mabenchi onse awiri anali ndi eni ake. Wamtali anali pa bedi la makasitomala ena, mlamu pa mashelefu a sitolo, ndipo ntchito zonsezo anawagawira ndi a Ndekha omwewo. Anazungulira shedi ndi pulena m'manja, kusowa poiika.

"Alamu, muli ndi mpata?" anafunsa mlamu osadzutsa mutu. "Mipando ija yatsala miyendo yokhota, ndipo palibe amaitha ngati inu. Lachisanu ikhale itatha. Kutalika kwake musasinthe."

Madzulo a Ndekha anafika kunyumba ali ndi utuchi m'tsitsi.

"Lero andipatsa ntchito," anauza akazi awo.

"Ndani?"

"Achimwene ako."

"Pa shedi yanu yomwe? Ndiye mwakana?"

"Ndaiyamba kale," anatero a Ndekha akuvula nsapato. "Koma undiuze, pamenepa bwana ndi ndani?"

Akaziwo anati madzi osamba akuzizira. Shediyo inakula ndithu, inalemba anthu ena, ndipo a Ndekha anakhala munthu wosankha matabwa, wolandira makasitomala ndi wosema miyendo ya mipando, ntchito imene amaimaliza Lachisanu lisanakwane.