Tsiku Limene Ndinagwira Apongozi Mwendo

Anzanga, takhalani kaye pansi. Iwe waima pakhomowe kokera mpando, ndipo wina atsitseko wailesiyo, chifukwa nkhani iyi ndikamaikamba ndimaionabe ngati yachitika dzulo.

Munali m'zaka za m'ma 80, ndili mnyamata, ndikukhala ku Hyattsville, ku Amereka, m'kafulati ka chipinda chimodzi. Sukulu ine sindinapite nayo patali ngati anzanga a ku yunivesite aja. Ntchito yanga inali yoyankha mafoni pa kampani ina ya matakisi, ndipo ndikaweruka ndinkafikiranso pa foni ya kunyumba, ija ya chingwe chachitali chofika mpaka kubafa. Chilichonse chimene ndimadziwa ndinachiphunzira pafoni. Galimoto ikavuta, ndinkatsegula buku lachikasu la manambala lija n'kuimbira magalaja, mpaka wina atatopa nane n'kundiuza chochita. Khutu langa linali lakuthwa, amwene. Munthu akangoti "hello" ndinkadziwa kuti uyu waledzera, uyu wangolira kumene.

Ndiye ndinali ndi chibwenzi, mtsikana wa ku Zambia wokulira ku Falls Church. Ine ndikalankhula Chichewa, iye ankayankha Chingerezi. Bambo ake ankagwira ntchito ku banki ina yaikulu m'tauni, munthu wamtali, wosaseka wamba. Za ukwati awirife tinali titagwirizana, koma bambowo anali asananene kuti eya kapena ayi. Ndipo ine pamaso pawo ndinali bubu. Ine, amene pakamwa sipatsekeka! Ndikalowa m'nyumba mwawo ndinkakhala m'mphepete mwa mpando, maso pa kapeti. Mukudziwa mmene tinaleredwera: apongozi suwayang'ana m'maso, suwatsutsa, ndipo zowakhudza, ngakhale ndi chala, ndiye usayerekeze.

Tsiku lina mtsikana uja anaimba foni.

"Dad wants you Saturday. Akuti mupita ku shooting."

"Shooting ya chiyani?"

"Clay. Timbale chabe. Relax, nobody dies."

Mfuti! Kwathu mfuti ndinkangoiona paphewa la wapolisi pa rodibuloko, ndipo ukaiona unkavula chipewa. Koma kukana apongozi poyamba penipeni pamene akuitana? Ndinatsegula buku lachikasu lija n'kuyamba kuimbira masitolo a mfuti.

Ambiri ankandidula. Koma bambo wina wa mawu osasa anali ndi nthawi, kapena analibe makasitomala. Anandifotokozera kuti pamakhala makina oponya kambale kadothi m'mwamba, kofanana ndi sosa ya kapu ya tiyi, iwe n'kukawombera kakuuluka. M'chipolopolo chake muli onga pansi, kenako kapulasitiki, ndipo pamwamba pa kapulasitikiko pali timibulu ta mtovu tambirimbiri. Onga ukaphulika umakankha kapulasitiki, kapulasitiki n'kukankha timibulu, zonse n'kutulukira kukamwa kwa paipi.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji zipolopolo zina n'zodula, zina zotchipa. Iye anati zodula timibulu take n'tolimba, tozungulira bwino, timapita pamodzi. Zimalira mofanana bokosi lonse, zimakumenya paphewa mofanana, ndipo paipi imatsala yoyera. Zotchipa zimasiya mwaye, china chimakumenya kwambiri, china pang'ono. Koma kwa munthu woyamba kumene ngati ine, anati, zonse zimaswa mbale. Ndinapumako.

Kenako anawonjeza chinthu chimene chinandilanda mtendere sabata yonse. Anati kaya chodula kaya chotchipa, chipolopolo chikanyowa n'kukhalitsa, onga umafooka. Ukawombera n'kumva kulira kofooka, usaikenso china. Kapulasitiki kaja kamatha kutsakamira pakati pa paipi. Ukawomberanso, paipi imang'ambika, ndipo imang'ambikira pomwe pali dzanja lako lamanzere, nkhope ili pafupi pomwepo.

Ndinayang'ana dzanja langa lamanzere. Ndi lomwe linali litagwira foni.

Madzulo a Lachisanu ndinakagula bokosi limodzi la zodula zija n'kulibisa m'thumba lamkati la jekete.

Loweruka m'mawa ndinafika ku Falls Church. Bambo aja anangondilozera masitepe opita ku chipinda cha pansi pa nyumba.

"Iwe munyamata, yenda unitengeleko katoni ili pa kona."

Pansipo panali fungo la chinyontho, ndipo pakhoma panali mzere woonetsa pamene madzi anafika nthawi ina. Nditanyamula katoni ija, pansi pake panali pofewa ngati buledi woviika mu tiyi. Ndinasuzumira. Zipolopolo zina kumatako kwake, kuja kwachitsulo, kunali kutachita zobiriwira. Ndinakwera nayo masitepe.

Bambowo anaimenya katoniyo ndi chikhatho monyadira. "Ninagula pa sale kudala, zaka zambiri zapita. Banzanga ba ku ofesi bamagula zodula, ati premium. Ine nimabafunsa, kodi mbale ya dothi iziba mutengo?"

"Zoona, Bambo," ndinatero ine, bokosi langa likundibaya nthiti.

Ndikanalitulutsa bwanji? Kodi unayamba wapita kukadya kwa apongozi utanyamula ndiwo zako m'thumba? Kumeneko n'kuwauza kuti zawo n'zosadyeka. Ndinangotseka zipi ya jekete mpaka pakhosi.

Tinayenda pa msewu waukulu wa Beltway, n'kupatukira cha ku Upper Marlboro. Nthawi imeneyo kumeneko kunali minda ya fodya ndi zigafa, ungati wafika ku Kasungu. Masiku ena ndikanalongolola za zimenezi mpaka munthu kutseka makutu, koma tsiku limenelo ndinkangomvera katoni ija ikugubuduka kumbuyo kwa galimoto.

Pamalo owomberapo tinapeza azungu awiri, anzawo a ku ofesi. Aliyense anavala zotseka makutu zazikulu, zonga za oyendetsa ndege. Ine anandipatsa zakale, zosagwira bwino, moti ndinkamva chilichonse. Mfuti ya bambo aja inali ya paipi imodzi, yokoka: ukawombera umakoka chogwirira cha kutsogolo, chakachaka, chipolopolo chakale n'kudumpha, chatsopano n'kulowa. Ukakonzeka umakuwa kuti "Pull!" kambale n'kuuluka.

Ndinayamba kumvetsera, monga ndimamvetserera anthu pafoni. Mfuti za azungu aja zinkati pha! pha! pha! mawu amodzimodzi. Yathu inali ndi mawu ambiri. China phaa, china bu, china ngati munthu wa chifuwa. Utsi wake unkanunkha ngati machesi onyowa. Koma chilungamo chake, bambowo ankaswa mbale kuposa anzawo onse awiri, ndipo akaswa ankatembenuka n'kuwafunsa kuti premium yawo ili kuti. Azunguwo ankaseka.

Itafika nthawi yanga, ndinaphonya, ndinaphonyanso, ndikutsinzina nthawi iliyonse chala chikamakoka. Kamodzi, sindidziwa kuti zinatheka bwanji, kambale kanasweka kukhala fumbi. Bambo aja anati, "Eya." Liwu limodzi lokha, koma ndinamva ngati ukwati wayandikira.

"Pull!" ndinakuwanso.

Phu.

Basi. Ngati watsekula botolo la chakumwa chotha mpweya. Paphewa sindinamve kanthu. Timibulu tinagwera m'maudzu chapafupi ngati munthu wamwaza mchenga. Kambale kanapitirira ulendo wake bwinobwino.

Ndinatembenuza maso kuona ngati wina wamva. Azungu aja ankacheza, makutu ali otseka. Bambo aja maso anali pa kambale kaja.

"Waphonya chabe. Koka, uyike ina."

Manja anga anakana. Ndinaima mfuti italoza kutsogolo, ndikumva ngati ndagwira njoka yomwe sinafe.

"Manje uyopa chani? Leta kuno nikulangize."

Anandilanda mfuti ija. Chakachaka. Chipolopolo chatsopano chinalowa. Ndinaona dzanja lawo lamanzere likugwira pomwe bambo wa pafoni ananena paja, mphete ya ukwati ikuwala pachala. Anatsamiritsa tsaya lawo pa mfuti.

Tsopano mukuganiza kuti ndinakuwa? Ayi, anzanga. Ndinachita chimene mayi anga anandiphunzitsa kuchita ukafuna kulankhula ndi wamkulu. Ndinagwada pamiyala kumbuyo kwawo, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono, n'kuyamba ndi mawu otsika: "Bambo, pepanitu, ndimati ndinene kanthu kakang'ono..."

Munthu wakufulatira, makutu watseka, wina ukumuombera m'manja mwaulemu! Mzungu mmodzi anasiya kulankhula n'kundiyang'ana ngati ndadwala. Ndinaona mapewa a bambo aja akukwera, akukoka mpweya.

"Pull!"

Zimene zinachitika apa si ine ndinaganiza, ndi thupi lokha. Ndinadziponya n'kukumbatira mwendo wawo ndi manja onse awiri, tsaya langa pa buluku lawo, n'kukuwa mawu amene sindinadziwe kuti ndili nawo: "Musawombere! Bambo, musawombere!"

Ndinatsinzina, kudikira kuti chiphulike. Ndinamva makina akuponya kambale. Ndinamva kambaleko kakugwera patali, tswa. Kenako zii.

Nditatsegula maso, chala chawo chinali chitachoka pa kachitsulo kowombera, ndipo anali kundiyang'ana kuchokera kumwamba uko. Aka kanali koyamba kuwayang'ana m'maso. Sindikufuna kuonanso maso otero.

Anasuntha chotseka khutu chimodzi. "Siya mwendo wanga."

"Bambo, m'paipimo muli kanthu."

"Ndani akuuza?"

"Pafoni, Bambo."

"Pafoni."

Ndinasiya mwendo uja, koma kudzuka ndinalephera. Iwo anatulutsa chipolopolo chija n'kuchiika m'thumba, anamasula paipi ya mfuti, n'kuikweza kumwamba ngati munthu woyang'ana mwezi. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenako anatenga kandodo kopukutira mfuti, n'kukalowetsa, n'kukankha. Kapulasitiki kakuda bii kanagwera pamiyala patsogolo pa mawondo anga. Mzungu wina anaimba mluzu. Winayo anatchula dzina la Ambuye n'kuvula chipewa.

Bambo aja anayang'ana dzanja lawo lamanzere, analitembenuza uku ndi uku, n'kulilowetsa m'thumba. Kenako anauza anzawo aja m'Chingerezi kuti kwathu ndi mmene mnyamata amafunsirira mwana wamkazi. Azunguwo anaseka kuseka kwa mantha kuja.

Ndipo apa ndi pamene ndinaona chinthu chimene chinandiopsa kuposa mfuti. Podziponya paja, bokosi langa linali litagwa m'jekete. Linali pamiyala, latsopano, lonyezimira, pafupi ndi nsapato yawo. Analitola. Anawerenga zolembedwa pamwamba pake pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Anandiyang'ana, anayang'ana katoni yawo yofewa ija. Ndiye kuti anadziwa kuti ndinakayikira zipolopolo zawo ndisanazione n'komwe, ndipo nditaziona ndinawauza kuti zoona, Bambo.

Ulendo wobwerera, wailesi yokha ndi imene inalankhula. Ananditsitsa ku Hyattsville, bokosi langa litatsala pa mpando wawo. Sindinalifunse.

Masiku otsatira ndinkagona pafupi ndi foni ngati wodwazika matenda. Ku ntchito ndinatumiza takisi ku adiresi yolakwika. Ndikatseka maso ndinkaona paipi itang'ambika ngati nthochi yosenda, ndipo ndikatsegula ndinkaona ndekha nditakakamira mwendo wa apongozi pamaso pa anthu a ku ofesi kwawo. Mtsikana uja ataimba, ndinamufunsa zimene bambo ake akunena.

"Nothing. Sakamba chilichonse. Did you really hug my father's leg?"

"Usaseke, iwe. Andikana?"

"I don't know! Angoika kapulasitiki kena pa TV, nobody is allowed to touch it."

Lachinayi madzulo, nditangovula nsapato, foni inalira. Ndinayankha mwachibwana poganiza kuti ndi iyeyo. Anali bambo ake. Anali asanandiimbirepo chiyambire. Ndinapezeka ndaimirira, dzanja lina kumbuyo, m'nyumba mwanga momwe.

"Mwana wanga," anatero.

Mwana wanga! Misozi inalengeza, anzanga.

"Zija zako zodula naziyesa. Zilira bwino, sinikana. Koma mbale zinasweka chimodzimodzi."

"Zoona, Bambo."

"Manje mvera. Saturday tiyendenso, tikabwela tikhale pansi tikambe za iwe na mwana wanga, uniuze ba ankhoswe bako ni bandani. Osagula vinthu. Zija za mu katoni nazianika pa zuba ku veranda, zauma bwino maningi. Zasala zambiri, kutaya ni kuchimwa. Iwe uli na matu yabwino, uzambomvelela. Ikalira phu, uzanigwira mwendo."

Ndipo anaseka. Munthu wosaseka wamba uja anaseka, n'kudikira yankho. Ine ndili chilili, foni ili m'dzanja lamanzere lomwe lija, ndikumva kupuma kwawo mu waya, mbali iyi mtsikana amene ndinkamufuna ndi mtima wonse, mbali iyi katoni ya zipolopolo zobiriwira kumatako.

Tandiuzani inuyo, mukanakhala pa foni imeneyo, apongozi akudikira, mukanawayankha kuti chiyani?